Kukagona M'tenti ku Mapiri a Mafinga

Mphwanga amene amaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale ku Chitipa ndiye anayambitsa ulendowu. Mvula itangokata, ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Achimwene, ndabwereka tenti. Bwerani tikagone ku Mafinga, mukaone kumene mtsinje wa Luangwa umayambira." Ine ndinakulira ku Mitundu, kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndipo nkhani ya mitsinje imandikhudza mtima, chifukwa mifuleni ina imene tinkasambamo tili ana lero ndi mchenga wokhawokha. Sindinachedwe kumanga katundu.

Basi yathu inanyamuka mu Lilongwe m'bandakucha, anthu akadali ndi tulo m'maso. Abusa ena anaimirira n'kupempherera ulendo, tonse tinavomera ameni. Mpaka ku Kasungu panalibe chachilendo kwa munthu wa m'chigawo chapakati: minda ya chimanga chouma, zigafa za fodya, anyamata akukankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Zinthu zinayamba kusintha pa Jenda. Amayi a mbatata ya kachewere, tomato ndi anyezi anathamangira pamawindo, ndipo kondakitala amene tinachoka naye akuyankhula Chichewa anayamba kunenerera malonda m'Chitumbuka. Mayi amene anandigulitsa nthochi anandipatsa chenji ndi manja awiri, bondo atapinda pang'ono, n'kuti, "Yewo, adada." Ku Lilongwe chenji timalandira wogulitsa akuyang'ana kale kasitomala wina.

Pa Chikangawa m'basi munazizira. Tili kusukulu tinkaphunzira kuti nkhalango ya paini imeneyi, ya mahekitala 53,000, ndi imodzi mwa nkhalango zobzala zikuluzikulu mu Africa muno. Zimene ndinaona pawindo ndi zitsa zakuda, timisasa ta ocheka matabwa, ndi mitengo yaing'ono yongobzala kumene apo ndi apo. Bambo amene ndinakhala naye mpando umodzi anangopukusa mutu, osanena kanthu. Ku Mzuzu ndinagona, kunja kukuwaza kamvula kopanda phokoso kamene anthu akumeneko sakawerengera n'komwe.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Karonga. Titadutsa Ekwendeni ndi Phwezi tinafika pamakhotakhota a Chiweta, pomwe msewu umatsetsereka mozungulira phiri, mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam akukwawa chokwera, malole a malasha a ku Mchenga akutsika mabuleki akununkha. Mwadzidzidzi nyanja inatulukira kumunsi, ndipo anthu anayamba kuvula majuzi. Kuchokera apo mpaka ku Karonga kunali kutentha, migwalangwa, minda ya chinangwa, ndi mpunga wa kilombero woyanikidwa pamikeka m'mbali mwa msewu. Fungo la mpunga umenewu limamveka ngakhale usanaphikidwe. Pa Karonga ndinadya mbalagha m'kanyumba kena pafupi ndi depoti: nthochi zaziwisi zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe mpaka msuzi kukhuthala. Kwathu nthochi ndi chipatso chodya poyembekezera nsima. Kuno ndi chakudya chokwana pachokha, ndipo mayi wophikayo anadabwa nditafunsa ngati nsima ikubwera. "Idyani kaye, bambo, mukamaliza mundiuze ngati mukuifunabe." Sindinaifunenso.

Kuchoka pa Karonga kupita ku Chitipa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Ndinakwera Sienta imene tinapanikizanamo ndi matumba a usipa. Msewuwu ndi wa phula, ndipo unamangidwa ndi thandizo la dziko la China, Malawi atayamba ubale ndi Beijing kumapeto kwa 2007. Agogo ena amene anakhala kutsogolo anatiuza kuti phula lisanabwere, nthawi ya mvula munthu ankatha kugona panjira, lole itatitimira m'matope, ndipo odwala ena ankamwalira asanafike kuchipatala. Ankanena izi mopanda kudandaula, monga munthu wokamba za nyengo. Tinadutsa pamphambano yopita ku Kayelekera, mgodi wa uranium umene unatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014 mtengo wa miyalayo utagwa pamsika wa dziko lonse. Galimoto inapitirira kukwera, kutentha kwa kunyanja kukutsalira m'mbuyo, mpaka tinatulukira pachidikha chamitengo ya mombo ndi ng'ombe zambiri.

Boma la Chitipa, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Hill, lili pamalo pomwe pankadutsa Stevenson Road, msewu umene unayambika mu 1881 kuti ulumikize nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika. Mpaka lero ndi malo odutsa. Mumsika muli zitenje, mafuta ophikira ndi mapoto a ku Tanzania, ndipo ogulitsa ena amawerengera mtengo m'mutu katatu, m'kwacha yathu, m'kwacha ya Zambia ndi m'mashilingi. Makutu anga sanapume. Pabenchi imodzi yomwera tiyi ndinamva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chitumbuka ndi Chiswahili, ndipo mphwanga anati akanakhalapo a ku Kameme ndikanamvanso Chinyiha ndi Chinamwanga. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti aliyense ankayankhula chake, mnzake n'kumayankha m'chakenso, nkhani n'kumayenda. Ndikangotsegula pakamwa, onse ankatembenukira ku Chichewa kuti mlendo asasowe. Ndinadzifunsa kuti ndi angati a ife a pakati ndi kum'mwera amene tingabweze ulemu umenewu ndi mawu awiri okha a chinenero chawo.

Moni wake ndi wosathamanga. Munthu akati "Mwaghona," sathera pomwepo. Amafunsa za kunyumba, za ana, za kumene wachokera, manja akuwomba pang'onopang'ono, ndipo wamng'ono amatsitsa thupi. Mphwanga anandichenjeza kuti ndisafunse njira kapena mtengo wa chinthu ndisanapereke moni wokwana. Kwathu kumudzi zinali chimodzimodzi kale. Tauni inatiphunzitsa "bho" wapamtunda, woperekedwa miyendo ikuyenda.

Tisananyamuke tinapita ku ofesi ya zankhalango pabomapo, chifukwa mbali ya Malawi ya mapiri a Mafinga ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, silola munthu kudula mitengo kapena kuotcha makala m'malo otere popanda chilolezo. Mlangizi amene tinamupeza anatilandira bwino. Anatiuza kuti kumtundako kulibe malo okonzedwa ogona alendo, kulibe chimbudzi, mpopi kapena mlonda, ndipo chilichonse chimene tikafune tinyamule pamsana. Anatitsindikira zinthu ziwiri: tiyambe taonekera kwa amfumu, ndipo moto tisausiye uli ndi khala ngakhale limodzi.

Ku Chisenga, mudzi wa patsinde pa mapiriwa, tinapita pa kabaza wa njinga zamoto. Apa ndi pamene ndinamva kulemera kwa kukhala kutali. Mtengo umene anyamatawo anatchula unaposa umene ndinalipira kuchoka ku Karonga kufika ku Chitipa. Nditayesa kunenerera, mmodzi anandiloza botolo la petulo lomwe anali atangogula kwa mavenda, n'kuti, "Bwana, ife timagula mafuta m'mabotolo, ndipo msewu umenewu umadya matayala. Mukauona mudzatimvetsa." Ndinauona. Ndi msewu wopita ku Wenya ndi Nthalire, umene umakatulukira ku Nyika ndi ku Rumphi, ndipo anthu akhala akuyembekezera phula lake kwa zaka zambiri. Gawo limene tinadutsa linali la fumbi lofiira, miyala, ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula. Tinkapatukira ngolo za ng'ombe zodzaza chimanga. Sopo, mchere ndi shuga zikamafika m'maokala akumeneko zimakhala zitakwera mtengo, pamene nyemba ndi chimanga za alimi zimachoka pamtengo wolira, wogula n'kumati akuchotsera za mayendedwe. Mlimi amalipira msewu woipa kawiri, pogula ndi pogulitsa.

Mapiri a Mafinga sabwera pang'onopang'ono. Amangoima kumadzulo, miyala yake yotuwa, mapazi ake atavala nkhalango, mitu yake ili m'mitambo. Nsonga yake yaitali ndi mamita 2,339, kutanthauza kuti imaposa phiri la Dedza ngakhale siifika pa Sapitwa wa mamita 3,002. Kwa anzathu a ku Zambia, amenewa ndiwo malo okwera kwambiri m'dziko lawo lonse, ndipo boma lawo lina la m'chigawo cha Muchinga limatchedwa ndi dzina lomweli.

Amfumu anatilandira pansi pa mtengo wa mango. Anatulutsa mipando, iwo n'kukhala pampando wachikopa, ndipo mwana anabwera chogwada ndi chikho cha chindongwa, thobwa la kumpoto lofululidwa ndi chimera cha mawere. Mphwanga atafotokoza cholinga chathu, amfumu anakhala kaye chete, kenako anafunsa m'Chichewa chomveka bwino: "Ana anga, nyumba zilipo pano, mphasa zilipo. Talakwanji kuti mukagone kuthengo?"

Funso limeneli linandikhala m'mutu ulendo wonse. Kwa Mmalawi tenti imabwera ndi ukwati kapena ndi mavuto, ndipo kawirikawiri ndi mavuto. Timaiona pamaliro. Tinaiona m'misasa ya anthu othawa madzi namondwe wa Freddy atawononga ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023. Timaiona kunja kwa zipatala kukabuka kolera. Munthu wogona m'tenti timamumvera chisoni, ndipo wokagona kuthengo mwakufuna kwake timati ndi mzungu, kapena ali ndi chimene akubisa. Komanso kukana mphasa ya mwini mudzi n'chinthu cholemera. Koma ndikaganiza bwino, kugona panja si mwambo wobwera. Makolo athu ankagona m'misasa popita ku uzimba, ankachezera pansanja kulondera mapira, asodzi mpaka lero amagona pamchenga. Amuna amene ankayenda wapansi kupita ku Halale ndi ku Joni ankagona paliponse pamene dzuwa lawalowera, ndipo a kuno kumpoto ankatero popita kumigodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika m'zaka za m'ma 1930. Iwo ankadziwa kusankha malo, kuwerenga mphepo, kusunga moto. Nzeru zimenezi tikuzitaya, ndipo pamodzi nazo tikutaya kulidziwa tchire lathu. Nkhalango imene sunagonemo suimvera chisoni ikamatha.

Ndinayesa kunena zimenezi mwaulemu. Amfumu anamwetulira, n'kutilola, koma anati usiku woyamba tigone m'mudzi ndipo kuphiri tisapite tokha. Anatipatsa bambo wina wachikulire, mlimi amenenso amafula njuchi, kuti atiperekeze.

Madzulo amenewo ndinaona kaphikidwe ka chinaka, chimene a ku Zambia amati chikanda. Mayi a pakhomopo anatulutsa timizu tozungulira, tating'ono kuposa mbatata ya kachewere, totuwa kunja. Anatitsuka, n'kutisinja mumtondo mpaka kukhala phala lomata. Mumphika munali kale madzi otentha ndi nsinjiro, ndipo anathiramo chidulo, mchere ndi tsabola, kenako anayamba kuwazamo chinakacho uku akuvundula ndi mthiko. Phalalo linasintha mtundu, kuchoka kotuwa kupita kofiirira, n'kuyamba kulimba mpaka mthiko kumakana. Anasalaza pamwamba ndi chipande chonyowa, anavundikira, n'kuika makala pachivundikiro. Chitazizira anachidula ndi mpeni, chikutuluka m'mapisi osaphwanyika. Pakamwa chimatafunika ngati nyama yopanda fupa. Tinadyera nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Mayiwo anati kale timizuti ankatikumba padambo la kuseri kwa mudzi, koma masiku ano amayenera kukwera phiri, apo ayi kugula kwa obwera nato kuchokera kutali.

Tinanyamuka tambala atangolira kachiwiri. Katundu wathu anali tenti, mabulangete, kapoto, ufa, usipa, mchere, machesi ndi chikwanje. Wotiperekezayo ananyamula nkhwangwa paphewa ndi kathumba ka mbatata basi. Poyamba tinadutsa m'minda ya mawere, mmene amayi ankadula ngala ndi timipeni. Minda ina inali ya visoso, ulimi wodula nthambi za mitengo, kuziunjika ndi kuziotcha kuti mawere amere paphulusa. Kalekale anthu ali ochepa, munda wotere ankausiya zaka zambiri mitengo n'kuphukanso. Lero malo achepa ndipo amabwererapo msanga. Bamboyo sanabise. "Feteleza tingamuthe ife? Phulusa ndiye feteleza wa wosauka." Sindinapeze mawu omutsutsira, ngakhale mtima unkawawa poona zitsa.

Titalowa m'nkhalango ya boma, mthunzi unatilandira. Munali mombo, tsamba ndi masuku, masamba ouma akulira pansi pa mapazi, anyani akutukwana patali. M'makwawa mitengo inali ina, ikuluikulu, yobiriwira bii, ya katope ndi inzake yokonda madzi, ndipo pansi pake mpweya unali wozizira. Tinapeza pamalo pamene anatchinga mtsinje ndi kakhoma ka simenti, paipi n'kuyambira pomwepo. Madzi amenewa amatsika okha, popanda injini kapena magetsi, mpaka kukatuluka m'mipopi ya m'midzi. Bamboyo anachotsa masamba amene anatseka sefa ya paipiyo ndi dzanja lake, osatumidwa ndi munthu, n'kupitiriza ulendo.

Chitunda chake n'chowawa. Miyala ya Mafinga ndi yolimba, yonyezimira, ndipo imasweka m'timapale totereretsa. Mitengo inayamba kufupika, kenako inatha, tinatulukira m'udzu waufupi wa pamwamba. Dzuwa litapendeka tinafika pachigwa chaching'ono pakati pa zitunda ziwiri, ndipo pakati pake panali dambo.

Mphwanga anafuna kukhoma tenti pamalo osalala obiriwira pafupi ndi madzi. Bamboyo anakana. Anamuuza kuti aponde pamenepo n'kuima. Posakhalitsa madzi anayamba kutuluka m'mbali mwa nsapato zake, pamalo pamene maso ankati n'pouma. "Apa n'pogona madzi, si pogona munthu," anatero. Anatitengera pakamtunda ka miyala, kuseri kwa thanthwe lotchinga mphepo ya kum'mwera. Tinazula udzu, tinatola timiyala, tinayala udzu wouma kuti ukhale pansi pa tenti. Zikhomo zachitsulo zinapindika pamwala, ndiye bamboyo anasema zina kuchokera ku nthambi youma, ndipo zingwe zina tinazimangirira kumiyala. Anapalira malo a moto mpaka dothi kuonekera, anaika mafuwa atatu, ndipo moto utayaka anatenga phulusa n'kuwaza mozungulira tenti kuti linthumbu lisatipeze.

Kusanade ndinatsikira padambopo ndi kapoto kukatunga madzi. Ndinavula nsapato. Pansi pankanjenjemera ndikaponda, ndipo kuzizira kwake kunkalowa mpaka m'mafupa. Ndinapisa dzanja pakati pa mlulu n'kutapa dothi. Linali lakuda bii, lopepuka, lodzaza timizu ndi masamba owola pang'ono, ndipo nditalifinya madzi anatuluka pakati pa zala. Panalibe kasupe mmodzi woti n'kuloza kuti ndi uyu. Dambo lonse linkachucha, madzi akusonkhana m'timingalande tobisika pansi pa udzu, mpaka kumunsi kwake kukhala kamtsinje kolankhula. Dambo ndi nkhokwe ya madzi. Limalandira mvula ya Disembala mpaka Epulo, n'kumaigawa pang'onopang'ono mpaka Okutobala, pamene mitsinje yopanda madambo imakhala itauma kale. Udzu ndi dothi lakudalo zikachoka, mvula imathamanga tsiku limodzi, kukokolola minda kumunsi, chilimwe n'kusiya anthu akufukula mchenga.

M'mbali mwa dambolo ndinaona timaenje tambirimbiri tokumbidwa ndi kakhasu. Amenewa ndiwo malo a chinaka chija. Timizuti ndi ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri amene akatswiri amawatcha orchid, ndipo ukakumba muzu wonse chomeracho chatha. Bamboyo anati amayi akale ankatenga muzu umodzi n'kukwiriranso chomeracho, komanso ankadikira kuti maluwa ayambe ayoyola njere. Chinaka chitasanduka malonda a m'matauni, makamaka ku Zambia, okumba anayamba kusesa zonse. Ku Tanzania, kumapiri a Kitulo kufupi ndi Mbeya, boma linafika pokhazikitsa paki mu 2005 pofuna kuteteza maluwa omwewa. Ndinakumbukira kukoma kwa chakudya cha dzulo lake, ndipo sindinganene kuti anthu asiye kudya chinaka. Chimene chikufunika n'chakuti kakumbidwe ka amayi akale kabwerere, ndipo mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi akhale ndi mphamvu yopumitsa dambo likatopa.

Tinaphika nsima ndi usipa wootcha. Dzuwa litangolowa, chisanu chinagwa nthawi yomweyo. Achule anayamba kulira padambo, ena mokweza ena motsitsa, osalekeza. Udzudzu kunalibe, kuzizira kunauletsa. Kum'mawa, kutali pansi, timagetsi tochepa tinkaphethira, koma kumadzulo kunali mdima wokhawokha. Bamboyo anakana kulowa m'tenti. Anati iye anazolowera kugona pamoto akapita kukafula njuchi, ndipo wina ayenera kuuyang'anira. Anatisimbira za moto wolusa umene alenje a mbewa ndi akalulu amayatsa mu Seputembala ndi Okutobala, umene umakwera phiri usiku wonse n'kulowa m'dambo, dothi lakuda lija n'kumanyeka pansipansi. Iye ndi anzake amalambula njira zotchinga moto ndipo amauzima ndi nthambi zaziwisi. Nditafunsa ngati amalandira kanthu, anati ming'oma yake ya njuchi ili m'nkhalangomo, ndipo mpopi wa pakhomo pake umachokera momwemo.

Pansi panali pouma gwa, ndipo kuzizira kunkachokera m'nthaka kudutsa udzu ndi bulangete. Tulo tinkabwera n'kumachoka. Pakati pa usiku mphepo inawomba tenti mpaka nsalu kumandikhudza kumaso, ndipo ndinamva bamboyo akusonkhezera moto, akutsokomola pang'ono. M'mawa tenti yonse inali itanyowa ndi mame, mkati ndi kunja, ngakhale mvula sinagwe. Nkhungu inadzaza chigwa chonse, udzu uliwonse utanyamula madontho. Ndinamvetsa kuti phirili limakolola madzi ngakhale m'miyezi yopanda mvula.

Titamwa tiyi ndi mbatata yootcha, tinakwera kufika pamsana wa phiri. Pamenepo ndiye pamalire a Malawi ndi Zambia. Palibe waya, palibe msilikali, palibe chikwangwani. Atsamunda polemba malirewa anatsata pogawanikira madzi: oyenderera kum'mawa ndi a Malawi, oyenderera kumadzulo ndi a Zambia. Tinakumana ndi amayi awiri ndi mnyamata akuchokera tsidya linalo, mitolo ili pamutu, akupita kumaliro a m'bale wawo kumbali ya kwathu. Anatula katundu, anagwada, moni unatenga nthawi yake yonse, ndipo anatigawira mtedza wokazinga asanapitirire. Kwa iwo phirili si malire. Ndi chitunda chimene chili pakati pa iwo ndi abale awo.

Kumadzulo, pansi pathu, timakwawa tambiri tinkatsika m'nkhalango. M'timakwawa timeneti ndimo mmene Luangwa amabadwira. Mtsinje umenewu umayenda makilomita pafupifupi 770, kudutsa m'chigwa chotchuka ndi njovu, mvuu ndi akambuku, kumene alendo ochokera kunja amalipira madola kuti akagone ku Mfuwe, mpaka kukathira mu Zambezi pafupi ndi Zumbo, m'malire a Zambia ndi Mozambique. Madzi a kumbali yathu amatsikira m'nyanja ya Malawi, n'kutuluka ndi Shire, kupukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenako nawonso kukathira mu Zambezi yemweyo. Babu loyaka ku Ndirande lili ndi gawo lake, ngakhale laling'ono, m'dambo limene ndinapondamo opanda nsapato.

Nditaima pamenepo maganizo anapita kwathu. Dzalanyama ndiye gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu n'kumwetsa likulu la dziko. Tinaisiya nkhalango imeneyo m'manja mwa nkhwangwa mpaka mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali. Makala ake tinkagula ndife a m'tauni, ife tomwe timadandaula mipopi ikauma. Ku Mafinga zinthu sizinafike pamenepo, ndipo chifukwa china n'chowawa kuchinena: msewu woipa umene ukusautsa alimi ndi womwenso ukutchinga malole a makala. Tsiku limene phula lidzafike ku Chisenga, ndipo liyenera kufika chifukwa anthu akumeneko ndi Amalawi ngati wina aliyense, nkhalangoyi idzayesedwa koopsa. Ngati pofika tsikulo mlimi wofula njuchi uja adzakhale akutetezabe phiri ndi nthambi yaiwisi, wopanda msika wa uchi wake, wopanda njira ina yopezera chonde kupatula visoso, tidzaona Dzalanyama wachiwiri. Thandizo liyenera kutsogola, phula libwere pambuyo pake kapena limodzi nalo.

Potsika tinazima moto ndi madzi, bamboyo n'kupisa dzanja m'phulusa kuti atsimikize. Tinabalalitsa mafuwa, tinatola pepala lililonse. M'mudzi tinapeza madzi osamba ali pamoto, ndipo amfumu anafuna kumva zonse, kuyambira pamene tinagona mpaka anthu amene tinakumana nawo. Ndalama imene tinapatsa wotiperekeza anailandira ndi manja awiri osaiwerenga, ndipo anatipatsa botolo la uchi wakuda wa m'nkhalango, n'kukana kuti tilipire.

Inu amene mungafune kupitako, nthawi yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mvula itatha koma moto wolusa usanayambe. Yambirani ku ofesi ya zankhalango pa boma la Chitipa, kenako mukaonekere kwa amfumu ku Chisenga, ndipo musakwere phiri popanda munthu wakomweko. Tengani bulangete lachiwiri. Tenti musakhome padambo, sopo musasambire mumtsinje umene anthu akumwa kumunsi. Wokuperekezaniyo mulipireni mokwanira osamufinya pamtengo, ndipo ngati ali ndi uchi, mugule.